Mafuta a Kamano Anathera Kuphiri

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, alamu ndi ana onse. Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Tsiku lija pafoni ndinkawamva akutsokomola kumbuyo kwanu, inu n'kumangoti ali bwino. Mundiuze zoona. Ife kuno tadzuka, kungoti mwana wanu Kamano wamera dzino lina ndipo akuluma chilichonse, ngakhale mwendo wa tebulo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Mukundidziwa, pakamwa ndimangotha inde ndi ayi, mawu enawo amatsalira pakhosi. Komanso khoma la nyumba yathu ndi lopyapyala, ukayetsemula a nyumba inayo amati pepani. Ndiye ndaona kuti ndikhale pansi ndikufotokozereni bwino nkhani ija ndinakuuzani ndikulira, yoti alamu anu ali ndi mwana kwina. Paja munati sukulu zikatsekera mubwera kudzanditenga ine ndi Kamano, ndipo kachipinda kakumbuyo mwakasesa kale. Musanakwere basi, muwerenge kaye izi.

Alamu anu anayamba zothamanga ine ndili woyembekezera. Poyamba ankangozungulira bwalo la mpira asanapite kuntchito kwawo kowotcherera zitsulo, ndipo ndinkati bola zimenezo kusiyana ndi mowa. Kenaka anapeza anzawo othamanga m'mapiri. Loweruka lililonse ankadzuka kusanache, kubereka kachikwama kokhala ndi paipi yoyamwira madzi, n'kubwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'makutu, miyendo yokalikakalika ndi minga. Zikhadabo za kuphazi zinayamba kuda, zina kuthothoka, mpaka ankagona ndi masokosi kuti ndisaone.

Nditafunsa anati akukonzekera mpikisano wa makilomita opitirira zana, woyamba m'mawa n'kudzatha mawa lake. Achemwali, inu munamvapo munthu wothamanga usana ndi usiku popanda chomuthamangitsa? Ndinafunsa kuti nanga wopambana amalandira chiyani. Anati kachitsulo kovala m'khosi, ndipo aliyense amene wamaliza amalandira komweko. Munthu wogwira zitsulo tsiku lonse, woti angathe kudzidulira kachitsulo kotero pa nthawi ya tiyi! Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinasunga.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi mafuta a Kamano, oyera aja opaka mwana akapsa ndi thewera. Ndinagula chitini, posakhalitsa ndinapeza chafika pakati. Ndinadzidzudzula ndekha kuti ndikupaka mowononga. Chitini chachiwiri chinasowa chonse ndi chivindikiro chomwe. Kenaka timapepala tonyowa topukutira mwana tinayamba kutha msanga. Kenaka timapaketi ta zipatso zopota, tija ndinagula Kamano atayamba kudya.

Ndinawafunsa modekha, tikumwa tiyi. Anati mwina Kamano waponya kuseri kwa bedi. Mwana woti panthawiyo ngakhale kukwawa anali asanayambe! Alamu anu ndimawadziwa, akamanama dzanja limapita lokha kuseri kwa khutu n'kuyamba kukanda. Tsiku limenelo anakanda mpaka khutu kufiira.

Patapita masiku, ndikufuna kuchapa kachikwama kawo, ndinazipeza zonse m'kathumba ka m'kati, chitini, timapepala ndi timapaketi, zomangidwa bwinobwino m'pulasitiki ngati mphatso. Ndinazibwezera mmene zinalili. Ndinakhala pansi pakhomo la bafa osadziwa chochita.

Munthu yekhayo amene ndinamuuza kuno ndi mayi telala a nyumba yoyandikana nafe. Anaseka mpaka kusiya kupalasa makina. Anati mwana wanga dzuka, phiri silipsa ndi thewera, kwinakwake kuli khanda likudya zako. Anati awonso amuna awo ankati akupita kokawedza, koma nsomba zake zinadzatulukira zitavala yunifolomu ya sukulu. Ndinayesa kuseka nawo, koma tsiku limenelo ndi lija ndinakuimbirani foni.

Ndipo mkazi woti ndimuganizire analipo. Pa gulu lawo pali namwino wina wa kagalimoto kobiriwira. Iye sathamanganso, akuti bondo linamukana, ndiye ntchito yake ndi kunyamula othamanga ndi kukawadikirira panjira. Amabwera kudzawatenga pakhomo pano, amandipatsa moni mano onse pamtunda, amafunsa za Kamano, mpaka amadziwa kuti ali ndi miyezi ingati. Ndani anamuuza? Ndipo akaimba foni, alamu anu ankatuluka kukalankhulira kuseri kwa bafa, mawu ali pansi.

Mpikisano uja unachitika Loweruka lapitali. Kagalimoto kobiriwira kanabwera kudzawatenga, iwo n'kunditsanzika kuti tionana mawa. Nditatseka chitseko ndinakumbukira amayi, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinati ine ndadekha mokwanira, nkhonoyo ndikaione ndekha. Ndinabereka Kamano n'kukakwera basi yolowera kumapiri. Ine amene, Achemwali, woopa kufunsa njira ngakhale kwa mwana wa sukulu.

Ndinkayembekezera kuti kulibe mpikisano uliwonse, kuti ndikapeza nyumba ina ili ndi matewera pachingwe. Koma nditanong'oneza kondakitala, anakuwa basi yonse kumva kuti mayi awa akupita kwa amisala aja othamanga m'phiri. Ananditsitsa pasukulu ina m'munsi mwa phiri, pamene mitengo inali itamangidwa tinsalu tofiira tolozera njira. Ndinachita manyazi, komanso ndinati mpikisano kukhalapo sikutanthauza kuti mwana kulibe.

Pabwalo la sukuluyo anakhoma tenti, m'menemo matebulo a nthochi, mavwende, mbatata yophika yowaza mchere ndi zakumwa zozizira. Pambali panali zikwama zondandalika pansi, chilichonse ndi nambala ya mwini wake. Ndinamva anthu akunena kuti apa ndi pakati pa ulendo, othamanga amapumira pano asanakwerenso. Panalinso mkulu wina waimvi, sizasi ili lende m'khosi. Wothamanga aliyense amavala kalamba pamkono, ndipo amene wagonja kapena wafika mochedwa, mkuluyo amamudula kalambako, mpikisano wake n'kuthera pomwepo.

Ndinabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Zimene ndinaona sindinazionepo. Anthu akuluakulu, ena ooneka kuti kwawo amadya bwino, ankatsika phiri ngati akuchokera ku nkhondo. Wina anasanza, anapukuta pakamwa, n'kupempha nthochi ina. Mayi wina maondo ali magazi okhaokha ankadya ndi manja onse awiri akuseka. Bambo wina anagona chagada pa udzu, mkazi wake akumukupiza ndi katoni uku akumukalipira kuti adzuke.

Kagalimoto kobiriwira ndinakaona pansi pa mtengo. Namwino atapita kukatunga madzi ndinakasuzumira pawindo. Munalibe mwana, munalibe botolo la mkaka, munali ndowa, matawulo ndi bokosi la mankhwala basi. Ndinati wamusiyira wantchito, mkazi wochenjera sabwera ndi umboni.

Alamu anu anatulukira dzuwa litapendeka. Ndikanapanda kudziwa malaya awo sindikanawazindikira. Nkhope inali mbuu ndi mchere wa thukuta, milomo yong'aluka, ndipo ankayenda atatangadza miyendo ngati mwana wodzinyowetsera. Namwino anawakhazika pampando, anawavula nsapato, anawatsuka mapazi m'ndowa. Anatenga singano n'kuyamba kuboola matuza limodzilimodzi, kenaka kumata pulasitala. Ine kuseri kwa thanki mtima ukuwira, chifukwa mapazi amenewo ine mwini wake ankandibisira m'masokosi.

Kenaka namwino anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chitini cha Kamano. Ndinati eya, tione kumene chipite. Anawapatsa m'manja, anatambasula tawulo ngati katani, iye n'kutembenukira kumbali. Alamu anu anatapa mafuta ndi zala zonse n'kudzipaka pakati pa ntchafu ndi m'khwapa, mmene zovala zinawakhula mpaka khungu kusupuka. Timapepala tonyowa tija anapukutira nkhope ndi khosi. Mbatata anakana, nthochi anakana, akuti m'mimba simukulandira kanthu kolimba. Ndiye namwino anatsegula kapaketi ka zipatso zopota, iwo n'kuyamba kuyamwa, maso ali tsinzini.

Achemwali, mwana wakunja uja ndinamupeza. Ali ndi ndevu.

Ndisanadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, iwo ndi amene anayamba kulira. Kulira kwenikweni, mapewa kugwedezeka. Anati basi zakwana, miyendo yafa, aitane mkulu wa sizasi. Namwino anakana. Anati bambo, munandiuza nokha kuti chilichonse chimene munganene pampando uwu ndisamvere, pokhapokha fupa litathyoka kapena mutayamba kusokonezeka mutu, ndiye valani nsapato. Iwo anakweza mawu, anati iye ndi mfiti yopanda chisoni, akufuna awafere m'phiri. Kamano atamva mawu a bambo ake anakuwa kumbuyo kwanga, kubisala kwanga n'kuthera pomwepo.

Alamu anu anangoti kukamwa yasa, kapaketi kali m'manja. Koma ine maso anga anali pa namwino, ndimafuna ndione ngati adzidzimuke. Sanadzidzimuke. Anawomba m'manja, anati zikomo, mwini katundu wafika, ine ndipume. Anandikokera pafupi n'kundifotokozera kuti pa mipikisano yotere munthu asananyamuke amasiya ayi wake m'manja mwa wina, chifukwa pakati pa ulendo mutu umayamba kunama, umati ukufa pamene wangotopa. Anati ntchito imeneyi ambiri amaipereka kwa mkazi wawo kapena m'bale wawo, ndipo iye wakhala akuwauza kuti abwere nane. Koma iwo ankati mkazi wanga ndi wofatsa, akangoona msozi umodzi andinyamula kupita nane kunyumba.

Pamenepo mkulu wa sizasi anali atafika. Anagwira mkono wa alamu anu, analowetsa sizasi pansi pa kalamba, n'kutembenukira kwa ine. Anati amayi, ndidule kodi? Anthu onse a mutenti anatiyang'ana. Inu mukudziwa kuti ine anthu akapitirira awiri lilime limauma.

Ndinanong'oneza namwino kuti kodi sakafa. Anati ayi, wawagwira pamkono, mtima ukugunda bwino, akuyankha zolongosoka, chatsala ndi ululu ndi kudzimvera chisoni. Koma ndikanamukhulupirira bwanji mkazi amene ndinabwera kudzamugwira? Ndinaganiza kuti ndikati dulani, tikwera basi limodzi, mwamuna wanga ali moyo, koma ndikhala wofatsa uja mpaka kalekale, ndipo mpikisano wina akaperekanso ayi wawo kwa mkazi wa eni. Ndikati pitani, n'kukagwa kuphompho, ndikawauza chiyani apongozi?

Ndiye ndinawafunsa eni ake, chapansipansi, kuti bambo a Kamano, zoona simungathe? Anati mkazi wanga sindingathe, ngakhale kufika pa mtengo uwo sindingafike. Akunena choncho, dzanja linakwera lokha kuseri kwa khutu n'kuyamba kukanda.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinawauza kuti adzuke. Ndinati mafuta a mwana mwamaliza, zipatso zake mwamaliza, tulo tanga mwamaliza miyezi yonseyi, ndiye phiri lokhali mukufuna kusiyira ndani? Ndinati mukabwera kunyumba opanda kachitsulo kanu kaja, mukafotokozere nokha Kamano kumene kunapita chakudya chake. Mutenti monse anthu anafa nacho chiseko. Mkulu uja anatulutsa sizasi yake, anati bambo, kuphiri kuli bwino kusiyana ndi kunyumba, nyamukani. Alamu anu anavala nsapato akubuula, anamangirira tochi pamphumi, anagwira tsaya la Kamano, n'kuyamba kukwera osacheuka.

Atangobisika m'mitengo, mphamvu zonse zinandithera. Namwino anandikhazika pampando womwe uja n'kundipatsa tiyi. Ndinalandira, koma ndinayamba ndanunkhiza. Anatitengera pagalimoto yake kumene mpikisano umathera, ndipo tinagona m'holo pamodzi ndi mabanja a othamanga ena. Za tulo musafunse.

Anafika m'mawa dzuwa litakwera, m'gulu la omalizira, kumbuyo kwawo kukubwera anthu omasula tinsalu tofiira m'mitengo. Sikunali kuthamanga kumene kuja, agogo a ndodo akanawapitirira. Koma kalamba kanali pamkono. Atawaveka kachitsulo kaja anakavula n'kumuveka Kamano, iye n'kukaluma pomwepo. Mpaka lero akutsika masitepe a pakhomo chafutambuyo, ndipo anzawo a kuntchito akuti akuyenda ngati ngolo yothyoka tayala.

Titafika kunyumba ndinawafunsa chifukwa chimene anandinamizira. Anati manyazi. Anati mwamuna wandevu angayambe bwanji kuuza mkazi wake kuti akudzola mafuta a thewera, ndiponso malo ake odzolawo. Anati zokalankhulira kuseri kwa bafa zinali zomwezo, zilonda ndi zikhadabo, ndipo ndi namwino palibe china chilichonse. Anapepesa kwambiri. Ndinayang'anitsitsa dzanja, silinapite kukhutu. Koma ndikuuzeni zoona, Achemwali, tsiku limenelo manja awo sankatha kukwera ngakhale kufika paphewa, malaya ndinachita kuwavula ndine. Ndiye umboni umenewo sindikuuwerengera kwenikweni.

Mayi telala nditawafotokozera sanagonje. Anati khanda mwina kulibe, koma mkazi wotsuka mapazi a mwamuna wa mnzake satsuka chabe. Ine ndinaona ndi maso anga namwino akutsuka mapazi a anthu ena ambiri tsiku lija, aakazi ndi aamuna omwe, onse mofanana. Akutinso ali ndi mwamuna wake amene amathamanga, kungoti ulendo uno anali kuntchito. Mwina ndi zoona, ine sindinamuone. Chimene chikundikhalabe pamtima ndi chakuti atagwira phazi la alamu anu sanafunse kuti pakuwawa ndi pati, anangopita pachala chake chenicheni. Ine ndakhala nawo nyumba imodzi zaka zonsezi, chala chimenecho sindinkachidziwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Sukulu zikatsekera mubwere ndithu monga munalonjezera, koma osati kudzanditenga. Nthawi yomweyo kuli mpikisano wina, kumapiri ena akutali, ndipo ana salola kupita nawo m'malo ena odikirira chifukwa galimoto sifika, anthu amayenda pansi. Mudzakhale ndi Kamano kuno masiku amenewo, ine ndipite. Ndawauza kale alamu anu kuti kuyambira tsopano ayi wawo ndisunga ndine, ndipo mapazi awo sagwiranso munthu wina. Ndinapempha namwino kuti andiphunzitse kuboola matuza ndi kumata pulasitala. Anavomera msangamsanga, mosangalala. Sindikudziwa ngati kuvomera msanga koteroko ndi kwa munthu wopanda mlandu kapena kwa munthu wochenjera kwambiri. Ndikaonera komweko, ndili pafupi. Pakali pano ndikuphunzirira pa zala zanga za kuphazi, ndipo zonse zili ndi mapulasitala ngati ndaponda moto.

Amayi musawauze zimene ndinalira pafoni zija, angayambe kudana ndi mkamwini wawo pa nkhani ya mwana woti kulibe. Mungowauza kuti mkamwini wawo anathamanga usana ndi usiku n'kulandira kachitsulo, adzadabwa mokwanira ndi zimenezo. Koma kachipinda kakumbuyo kaja musafulumire kubwezeramo makasu ndi njinga ya alamu. Kakhale kosesa choncho kaye.

Masiku ano ndikumagula zitini ziwiri, china cha mwana wamng'ono, china cha mwana wamkulu, ndipo zonse ndimasunga m'chikwama changa. Wofuna amachita kupempha. Tsiku limene ndidzapeze kuti pakufunika chachitatu, mudzamva kugogoda.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze amwe mankhwala mpaka atha, asasiyire panjira monga amachitira. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa achimwene ngati anabwerako kuntchito kwawo kuja. Ana onse muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa. Alamu anu akuti ndikupatseni moni, ali apa miyendo ili m'ndowa, sakudziwa zimene ndalemba. Kamano naye wapereka moni wake, ndi malovu mukuwaona pakona ya pepalawa.

Ndine mng'ono wanu wosalankhula uja,
Amake Kamano